Thambo loyera mbee, bwato lakuda bii: ndithandizeni pa nkhani ya HDR

Wa_Makawa
Akuluakulu, ndithandizeni ndisanaponye kamerayi m'nyanja. Lachiwiri ndinadzuka m'ma 4 koloko kupita kugombe kwathu kuno ku Makawa kuti ndikajambule dzuwa likutulukira kuseri kwa mapiri a tsidya lija. Ndi maso zinali zosaneneka: thambo lofiira psuu, madzi akuphathima, asodzi akukocheza mabwato. Koma mu kamera nkhani ina. Ndikayeza kuwala pa thambo, mabwato ndi mchenga zikuda bii, ngakhale ukonde osaoneka. Ndikayeza pa mabwato, thambo likuyera mbee ngati pepala la mayeso la mwana amene sanawerenge. Mnzanga wina anati mankhwala ake ndi HDR, kutanthauza kujambula zithunzi zingapo zowala mosiyana nkuziphatikiza kukhala chimodzi. Ndinajambula zithunzi zitatu nkuziphatikiza mu pulogalamu ya Luminance HDR. Zomwe zatuluka ndi malodza. Mitambo yada ngati kukubwera chimvula cha mu Januwale, mlambe wazunguliridwa ndi kamzere koyera ngati oyera mtima a pa kalendala ya kutchalitchi, ndipo msodzi mmodzi ali ndi mitu iwiri. Kamera ndi Canon 600D yogula kwa munthu, laputopu ya 4GB. Ndikulakwitsa pati?

Kanyimbi265
Mutu umodzi susenza denga achimwene, nchifukwa chake msodzi wanuyo wabwera ndi iwiri kkkk. Ikani tione.

Wa_Makawa
Ndaika. Sekani mwachifundo, tulo tanga tinathera pamenepo.

Kanyimbi265
Eee! Mlambewo wangotsala mapiko basi.

Mbuna_14bit
Ndachiona. Musakhumudwe, changa choyamba chinali choipa kuposa ichi ndipo ndinachiika pa Facebook monyadira.

Tiyambe ndi chifukwa chomwe kamera ikulepherera. Diso lanu likayang'ana thambo limachepetsa kuwala kolowa, likatsikira pa bwato limatsegukanso, bongo nkulumikiza zonsezo osakuuzani. Kamera ilibe mwayi umenewo, imatenga kamodzi basi. Kuwala timakuyeza m'ma stop, ndipo stop imodzi ndiye kuti kuwala kwawirikiza kawiri. Sensa ya 600D imakwanitsa ma stop pafupifupi 11 ikakhala pa ISO 100. M'mawa wa kunyanja, dzuwa lili m'chithunzi momwemo, kusiyana kwa pamene pawala kwambiri ndi mkati mwa bwato kumaposa pamenepo kutali. Ndiye mnzanuyo sananame, kujambula zingapo nkoyenera.

Koma ndifunse: pojambula zitatuzo munkasintha chiyani? Ndikuona ngati mchenga wapafupiwu ndi wakuthwa pena, pena wosamveka. Ngati gudumu la pamwamba pa kamera linali pa Tv kapena P, kamera inkasintha aperture, kukula kwa kabowo kolowera kuwala mu lenzi, ndiye chithunzi chilichonse chili ndi kuya kwakekwake ndipo sizingakhalirane bwino. Ikani pa Av kapena M, aperture pa f/8, ISO 100, focus muitseke pa MF yosintha ndi dzanja, kuti chosintha chikhale shutter yokha, nthawi yomwe kamera imatsegukira kuwala. Mu menu muli AEB, yojambula zitatu zowala mosiyana, itambasuleni mpaka ma stop -2, 0, +2. Chapakati chikakhala 1/60 ya sekondi, chakuda chikhala 1/250, chowala 1/15. Mukaika timer ya masekondi awiri, kamera iwombera zitatu zonse yokha inu osaigwira. Ndipo chonde sungani mu RAW, fayilo yosakonzedwa yochokera pa sensa. JPEG ili ndi magawo 256 okha a kuwala pa mtundu uliwonse, RAW ya kamera yanuyo ndi 14 bit, magawo 16,384.

Mitu iwiriyo ndi ghosting. Pakati pa chithunzi choyamba ndi chachitatu bamboyo anatembenuka, pulogalamu nkumusunga ponse pawiri. Yang'anitsitsani madziwo, mafunde nawo asanduka nsima ya mibulu pa chifukwa chomwecho.

Kamzere koyerako ndi halo. Fayilo ya HDR imakhala ndi kuwala kochuluka kuposa komwe sikirini wamba ingaonetse, ndiye pamafunika kuifinya, komwe amati tone mapping. Njira zina monga Fattal ndi Mantiuk zimafinya dera lililonse palokha. Pomwe mtengo wakuda wakumana ndi thambo lowala, zimadetsa thambo koma nkusiya kamzere kowala m'mphepete mwa mtengo. Yesani Reinhard, ndi wofatsa. Mukakonda Mantiuk, tsitsani Contrast ndi Detail.

Wa_Makawa
Ndinali pa P, JPEG, kamera ili m'manja. Ndachimwa machimo onse atatu. Ndipo Fattal ndinamusankha chifukwa ndi amene ankaoneka wamphamvu pa tizithunzi tating'ono ta pambali tija.

GogoWaFilimu
Ana inu, ndiloleni ndisokoneze. Ine ndinayamba kujambula nthawi ya filimu, pomwe unkagula ya zithunzi 36 nkudikira sabata kuti akatsuke ku Blantyre. Ndikufunsa, ndani anakuuzani kuti mkati mwa bwato muyenera kuoneka? Mutaima pagombe paja dzuwa likutuluka, kodi munkawerenga zingwe za ukonde? Ayi. Munkaona bwato lakuda, munthu wakuda, kumbuyo kwawo moto. Chimene chinakudzutsani m'ma 4 koloko ndi chimenecho. Tsopano mukufuna thambo, mukufunanso mkati mwa bwato. Mapanga awiri avumbwitsa. Chithunzi chanu chakuda chija, chomwe mukuti chalakwika, chiikeni pano. Ndikukaika ngati chili cholakwika.

Mbuna_14bit
Agogo, ulemu wanu, koma apa sindikuvomerezani kwathunthu. Diso silinaone bii ngati mmene kamera inaonetsera. Penti wa bwato anaoneka, mtundu wa mchenga unaoneka. Ndipo kuphatikiza zithunzi si matenda a ana a kompyuta. Gustave Le Gray wa ku France ankachita zomwezi m'zaka za m'ma 1850: negative imodzi ya nyanja, ina ya thambo, nkuzisindikiza papepala limodzi. Vuto lake linali lomweli la a Wa_Makawa, madzi ndi mitambo kukana kulowa m'chithunzi chimodzi.

GogoWaFilimu
Mwana wanga, ife mu darkroom tinkatchinga kuwala ndi dzanja kuti mbali ina isade kwambiri, ndiye sindikudana ndi kukonza. Ndikudana ndi kuthira mchere ndi chipande. Mzungu wanu wa ku France uja anasiya mdima pamene panali mdima. Zanu za masiku anozi mthunzi mulibe, chilichonse chikuwala mofanana ngati mu shopu ya mafiriji.

Tecno_Boy
Koma inu mukuvutikiranji? Foni yanga ili ndi batani la HDR, ndimangodina basi, zimatuluka bho.

Kanyimbi265
Zako zija za thambo la buluu ngati yunifolomu ya pulayimale? Chikomekome cha mkuyu.

Tecno_Boy
Nsanje. Ma like 200 anabwera okha.

Mbuna_14bit
Osamunyoza Tecno_Boy, foni ikuchita zomwe tikukambazi, kungoti mwachangu. Imawombera zingapo motsatana pa kamphindi, nkuziphatikiza yokha, ndipo chifukwa cha changucho ghosting imachepa. Choipa chake nchakuti imakusankhira mchere. Amene muli ndi Android yesani Open Camera, ndi yaulere ndipo pa mafoni ambiri imalola bracketing, mumakhala ndi zitatu zanu zosiyana nkukaziphatikiza nokha. Koma HDR Scape ya mu app ya Snapseed ija si HDR ayi, ndi chithunzi chimodzi chomwe akuchikanda kuti chioneke chaukali. Thambo likapsa, Snapseed sangalibweze, amangolipaka phulusa.

ChemwaliWaChembe
Ndalowa mochedwa, magetsi anazima chiyambire m'mawa. Ine ndimajambulira maloji kuno ku Chembe, chaka chachinayi tsopano, ndipo kuno nkhondo yathu ndi ya madzulo poti dzuwa limalowera chakunyanja, mbali ya Thumbi. Ndikuuzeni zomwe ndinaphunzira ndi misozi.

Zophunzitsa zambiri za pa YouTube amajambula mapiri ndi nyumba, zinthu zosasuntha. Ife tikujambula nyanja. Nyanja siima kudikira chithunzi chachitatu. Miyezi ya Mwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, mafunde amakhala ngati akuthamangitsana, bwato lomangidwa pachingwe likuvina, masamba a mgwalangwa akugwedera. Mukaphatikiza zitatu pamenepo mupeza zinyalala. Mu pulogalamu ya Lightroom muli Deghost, yochotsera ghosting, ya Low, Medium ndi High, koma chimene imachita nkusankha chithunzi chimodzi pa dera losunthalo, ndipo ikasankha chakuda chija, pamadzipo pamadzaza noise ngati mwawazapo mchenga.

Ndiye ine masiku ambiri sindiphatikiza ndi makina. Ndimajambula zitatu ndithu, kusungira mawa, koma pokonza ndimatenga ziwiri: chakuda cha thambo, chapakati cha madzi ndi gombe. Ndimazisanjikiza ngati ma layer, kuika mask (chobisa mbali ina ya chithunzi) pa chapamwamba, nkukoka gradient yochoka koyera kupita kwakuda pang'onopang'ono kudutsa pomwe madzi akumana ndi thambo. Mwayi wathu wa kunyanja ndi umenewu, mzere umenewo ndi wowongoka ngati wojambula ndi rula. Madzi onse, bwato, anthu, zimachokera m'chithunzi chimodzi, ndiye palibe wa mitu iwiri. Pulogalamu ya GIMP imachita zimenezi bwinobwino ndipo 4GB yanuyo siidandaula.

China, achimwene, nthawi. Chithunzi chanucho dzuwa latuluka kale lonse. Mukanajambula mphindi 15 lisanatuluke, thambo limakhala litafiira kale koma kusiyana kwa kuwala kusanakule, mwina RAW imodzi ikanakwana. Kuno kwathu dzuwa silicheza. Madzulo likangomira, mphindi 20 nkupitirira pang'ono kwada, ndiye tripod iimiretu, f/8 iikidwiretu, osayamba kufufuza menu thambo likuyaka.

Wa_Makawa
Achemwali mwanditsegula maso. Koma tripod ndilibe. Mitengo yake ndinaiona, ndinangotseka foni.

ChemwaliWaChembe
Chaka changa choyamba ndinkagwiritsa sokisi yodzaza mpunga. Kuiika pamwala kapena pa bwato lovundikira lomwe lili pamtunda, kukhazikapo kamera, timer, basi. Ku Otter Point miyala ndi yambirimbiri, simusowa pokhazika, bola mulipire pageti poti ndi m'paki. Kungosamala anyani, sokisi ya mpunga amaidziwa.

Kanyimbi265
Ndi mtengo wa mpunga wa masiku ano, tripod ingatchipe.

DalaLaMonkeyBay
Mchenga ndi waulere, thirani mu jumbo mumange. Koma kamera isakhudze mchenga, ndipo lenzi musasinthire pagombe. Yanga inalowa kamchenga, ikamazungulira imalira ngati chigayo. Amene muli ndi tripod, mukaimika m'madzi mukankhe miyendo ilowe ndithu, apo ayi funde lililonse likamabwerera limakumba pansi pake, kamera nkumatsika pang'onopang'ono pakati pa zithunzi zanu zitatuzo. Ndinazindikira nditataya m'mawa wonse ndikujambula Ilala ili padoko.

NkhwaziYaMalombe
Funso langa lili pambali pang'ono. Ine ndili ndi Nikon D3200, ndafufuza menu yonse AEB sindikuipeza. Ndine wakhungu?

Mbuna_14bit
Simuli wakhungu, mulibemo. Nikon sanaike bracketing mu D3100, D3200, mpaka D3500, inayambira pa ma D5000. Ikani pa M, jambulani, tembenuzani gudumu la shutter kasanu ndi kamodzi, ndiwo ma stop awiri poti kudina katatu ndi stop imodzi, jambulaninso. Mogwira pang'onopang'ono kuti kamera isasunthe. Koma musadandaule kwambiri, sensa yanuyo imapirira kukweza mithunzi kuposa ya 600D. Inu mutha kuyeza pa thambo, kuonetsetsa pa histogram, kagirafu koonetsa kuwala kwa chithunzi, kuti kumanja sikunagunde khoma, nkudzakweza Shadows kunyumba. A Wa_Makawa akayesa zomwezo mopitirira, mumdima mumatuluka timizere ndi timadontho tofiira ndi tobiriwira.

NkhwaziYaMalombe
Zikomo. Ndiye kusauka kwanga kuli ndi phindu lake.

Tecno_Boy
Amene akufuna Lightroom ndi Photoshop zaulere andipeze ku inbox, ndili nazo pa flash.

MayiWaStudio
Ayi ayi ayi. A Wa_Makawa musayerekeze. Chaka chatha mnyamata wina woika nyimbo m'mafoni anandiikira zoterezi, sabata isanathe kompyuta inatseka mafayilo onse, kuphatikizapo zithunzi za chinkhoswe cha anthu zomwe ndinali ndisanapereke. Ndinakagwada kwa ankhoswe ngati wolakwa pabwalo la amfumu. Ndikudziwa kuti Adobe amalipiritsa mwezi ndi mwezi m'madola, ndipo kupeza khadi yolipirira kunja si masewera. Koma zaulere zenizeni zilipo: GIMP, darktable, RawTherapee, Hugin. Bandulo ya usiku imodzi mwatsitsa zonse.

Mbuna_14bit
Mayi anena zoona. Ndiwonjezere kuti darktable ili ndi batani lophatikizira ma RAW kukhala HDR ya DNG, koma siwongola zithunzi zikasuntha, ndiye popanda pokhazika kamera musayese. Hugin imabwera ndi tizida tiwiri, align_image_stack kowongolera ndi enfuse kophatikizira. Enfuse ndimaikonda chifukwa sipanga fayilo ya HDR nkomwe, ilibe tone mapping. Imangoyang'ana zithunzi zanu nkutenga pamene paoneka bwino m'chilichonse. Njirayi amati exposure fusion, anaifalitsa Tom Mertens ndi anzake mu 2007. Zotuluka zake zimakhala zofatsa, nthawi zina zofatsa mopitirira moti umafunika kuwonjezera contrast wekha. Agogo angaikonde.

GogoWaFilimu
Ndiikonda ndikaiona.

MwanaWaMsodzi
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Mwakamba za mitu iwiri, mwaseka, chabwino. Koma bambo amene ali pachithunzipo munawapempha? Anthu amenewo akhala panyanja usiku wonse ndi nyali kusaka usipa, afika atatopa, mwina chilimira chabwera chopanda kanthu, nkupeza munthu wawalozetsa kamera ngati ndi mbalame za pa Boadzulu. Bambo anga ankadana nazo kwambiri. Ndipo m'mawa kugombe kumakhala amayi akutsuka mbale, ena akusamba. Inu mukukweza Shadows kunyumba, mukuulula zomwe mdima unabisa. Munaganizapo?

Wa_Makawa
Achimwene mwandigwira pakhosi. Bambowo ndimawadziwa, timapemphera mzikiti umodzi, koma kunena zoona sindinawauze kuti ndikuwajambula. Ndipo ndawaika pano anthu nkuwaseka. Ndachotsa chithunzicho. Mawa ndikawaona.

Kanyimbi265
Inenso ndapepesa, ndinayambitsa ndine. Koma mlambe uja ndiye sindipepesa.

ChemwaliWaChembe
Mfundo ya kukweza Shadows ija ndi yeniyeni. Zinandichitikira: chithunzi cha loji ina, pakona pakuda ndithu, nditakweza ndinapeza mayi akusambitsa mwana. Ndinachitaya. Tsopano ndimafika msanga, kupereka moni, kunena chomwe ndabwerera. Ena amakana, ena amati ugule kaye usipa wa pathandala, ndimagula, ndiwo ndimafuna kale. Ndipo amene wavomera mutha kumupempha kuti aime duu masekondi atatu. Deghost yabwino kuposa imeneyo kulibe.

DalaLaMonkeyBay
Usipa wake wa mtengo wa masiku anowu? Kabeseni komwe tinkagula mosaganiza pano umayamba wafunsa kawiri. Chambo ndiye tinasiya kuchitchula, timangochiona chikukwera galimoto kupita ku Lilongwe.

NkhwaziYaMalombe
Kwathu ku Malombe chambo chinasowa kalekale, tatsala ndi kambuzi. Ana obadwa pano akuchidziwira m'buku la sukulu.

MwanaWaMsodzi
Maukonde a udzudzu aja akugwira ndi tiana tomwe, mukuyembekeza chiyani? Nyengo yotseka ikafika ena amalowabe usiku. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, ndingakwiye.

MayiWaStudio
Tabwererani ku zithunzi inu, nsomba zatikwana kumsika. Ine funso langa ndi la utsi. Mwezi uno wa Okutobala ndinakwera ku Chowe, pamsewu wa ku Namwera paja pomwe umaona Shire ndi Malombe pansi. Ndinajambula zitatu mwa malamulo onse. Zatuluka zotuwa ngati ndajambulira kuseri kwa neti. HDR sinathandize kanthu.

Mbuna_14bit
Siingathandize mayi, chifukwa vuto lanu ndi losemphana ndi la a Wa_Makawa. Iwo kuwala kwatalikirana kwambiri, inu kwayandikana kwambiri. Utsi wa lupsa ndi fumbi la Seputembala ndi Okutobala zimaphimba zonse, zakuda sizida, zowala siziwala. Yang'anani histogram, muona kaphiri kamodzi kounjikana pakati, mbali zonse ziwiri kuli mpata. Pamenepo chithunzi chimodzi chakwana, ntchito nkuchitambasula ndi Levels kapena Curves. Mukaphatikiza zitatu mukungowonjezera kutuwa. Lamulo langa: histogram ikagunda makoma onse awiri nthawi imodzi, jambulani zingapo. Ikapanda kutero, musadzivutitse.

GogoWaFilimu
Ndipo nyengo ya utsiyi ndi imene dzuwa limasanduka mpira wofiira woti nkuuyang'ana ndi maso. Mulungu wakuikirani kale fyuluta, inu mukufuna kuichotsa. Mukafuna Malombe woyera, dikirani mvula yoyamba itsuke mpweya, mukwere ku Chowe m'mawa wake. Kuona maso a nkhono nkudekha.

MayiWaStudio
Agogo, kasitomala sadekha. Akufuna kalendala isindikizidwe Novembala asanathe.

Galaxy_Aunt
Pepani ndilowerere, ine ndasokonezeka. Foni yanga ikajambula dzuwa likulowa, pa sikirini dzuwalo limawala ngati tochi yeniyeni. Ndikatumiza kwa mchemwali wanga, kapena nditasindikiza, limakhala wamba. Akuti imeneyonso ndi HDR. Ndi yomweyi mukukambayi?

Mbuna_14bit
Dzina limodzi, nyama ziwiri. Yomwe tikukamba pano ndi yotenga kuwala kochuluka nkukufinya kuti kukwane pa sikirini wamba kapena papepala. Yanuyo ndi yatsopano: sikirini yeniyeniyo imatha kuwala kwambiri pamalo ena, ndipo fayilo imanyamula kamapu kouza foni pomwe iwalitse. Android 14 inabwera nazo mu 2023 pa dzina la Ultra HDR, Lightroom nayo inaika batani lake chaka chomwecho. Foni ya mchemwali wanu ikakhala yopanda sikirini yotero, imangoonetsa chithunzi wamba. Pepala ndiye silingawale kuposa kuyera kwake. Choncho amene mukujambulira makalendala ndi zopachika pakhoma, batani limenelo lisiyeni, tulutsani JPEG ya sRGB.

ChemwaliWaChembe
Ndipo potumiza kwa kasitomala pa WhatsApp tumizani ngati document. Mukatumiza ngati chithunzi amachifinya, thambo lanu losalala lija limasanduka masitepe. Bwana wina anandibwezera ntchito ati thambo lili ndi mizere, vuto lisali langa.

DalaLaMonkeyBay
A Wa_Makawa, musanabwerere kunyanja kayesereni pa chinthu chosasuntha. Pitani pa boma masana, pa nsanja ya wotchi ya Queen Victoria ya 1903 ija, pafupi ndi mfuti ya sitima ya Gwendolen. Dzuwa lili paliwombo, mbali ina yawala, ina ili mumthunzi, ndipo nsanja sitembenuza mutu. Mukaphunzira pamenepo AEB ndi mask, kunyanja mukangolimbana ndi mafunde okha. Koma pa mlatho wa Bakili Muluzi musakhazike kamera pachitsulo, lole ikadutsa mlatho umanjenjemera, cha 1/15 chija chimatuluka chosamveka.

NkhwaziYaMalombe
Ndipo amene mukufuna kutsikira m'mphepete mwa Shire mbandakucha, kumbukirani kuti ng'ona ndi mvuu sizidziwa bracketing.

Wa_Makawa
Ndabwerera, akuluakulu. Lachisanu ndinakawaona bambo aja, ndinawaonetsa cha mitu iwiri chija pa foni. Anaseka mpaka kuitana anzawo, ati mutu winawo ndi umene umaganiza za ngongole ya injini. Anavomera kuti ndiwajambulenso bola ndiwapatse chosindikiza.

Lero ndinafika kusanache, jumbo ya mchenga pa bwato lovundikira, Av, f/8, ISO 100, RAW, AEB, timer. Ndinayamba dzuwa lisanatuluke monga ananenera achemwali. Ndinajambula maulendo 9, zithunzi 27, batire nkuyamba kuphethira. Kunyumba ndinayesa njira zitatu. Reinhard anachotsa halo koma zonse zinaoneka zofooka. Enfuse inandivuta kuyendetsa, ndinaisiya. Yomwe yagwira ndi ya GIMP: cha -2 pa thambo, cha 0 pa madzi ndi gombe. Cha +2 sindinachigwiritse nkomwe. Nditachiyesa, mkati mwa bwato munaoneka zonse mpaka chigubu cha petulo, koma chithunzi chinasiya kuoneka ngati m'mawa, chinakhala ngati 10 koloko yokhala ndi thambo lobwereka. Ndiye bwato ndalisiya lakuda pang'ono, penti wabuluu akungooneka mwa apo ndi apo. Ndaika, bambowo avomera.

Chomwe chandikanika ndi mlambe. Thunthu lili m'munsi mwa mzere, nthambi zili kumwamba, ndiye gradient yadetsa nthambi kuposa thunthu. Mtengo ukuoneka ngati wapsa kumutu.

GogoWaFilimu
Ichi ndiye chithunzi. Cha +2 chija mwati munachitani?

Wa_Makawa
Chili mu foda, agogo. Musanyade kwambiri, zithunzi ndi ziwiri ndithu, si chimodzi.

ChemwaliWaChembe
Mwachita bwino achimwene. Za mlambe, musayese kupenta nthambi imodziimodzi ndi burashi, mudzabweza halo ija ndi dzanja lanu. Pangani mask kuchokera ku chithunzi chenichenicho: koperani cha 0, chisandutseni chakuda ndi choyera, kokani Levels mpaka thambo liyere mtengo ude, muike chimenecho ngati mask ya layer ya thambo. Ndiye chakuda chija chigwera pa thambo pokha, mtengo wonse utsala wa chithunzi chimodzi. Kumunsi kwa mask, pamadzi, pentani ndi burashi yakuda yofewa. Ngati mphepo inagwedeza nthambi pakati pa ziwirizo, sankhani ulendo wina mwa 9 aja. Kapena detsani thunthu lifanane ndi nthambi, nkwapafupi.

GogoWaFilimu
Detsani thunthu.

Mbuna_14bit
Kkkk agogo sasintha. Koma apa ndiwavomera, mlambe dzuwa lili kumbuyo kwake umakhala wakuda ndithu.

Wa_Makawa
Ndiyesa zonse ziwiri magetsi akayaka. Chosindikiza cha bambo aja ndipange saizi yanji? Ku studio anandiuza 8 by 10.

MayiWaStudio
Musalole. Kamera yanuyo imajambula 3:2, pa 8 by 10 adzadula mainchesi awiri m'litali, ndipo mmene mwaikira bwatolo, chodulidwa chikhala mphuno yake. Nenani 8 by 12, pepala la matte, ndipo muwauze azimitse auto correct pa makina awo, apo ayi adzakuwalitsirani bwato lomwe mwavutika kulisiya lakudalo. Musanapite kwezani kuwala pang'ono, papepala zimada kuposa pa laputopu.

MwanaWaMsodzi
Musindikize ziwiri. Cha mitu iwiri chijanso adzachifuna, ndimawadziwa anthu akunyanja.